Wamng'ono akaona kuti wamkulu walakwitsa: zokambirana za maphunziro a chitetezo cha ndege pa gulu la ana a ku Kasungu

Woulutsa droni, Kasungu boma (Lolemba, 19:12)

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha, podziwa kuti pagulu pano pali anthu amene adagwira ntchito za ndege ine ndisanabadwe. Ine ndimaulutsa madroni konkuno kwathu, m'dera loyeserera limene boma ndi UNICEF adatsegula m'chaka cha 2017, lomwe limayambira pabwalo la ndege la Kasungu n'kufika makilomita 40 mbali zonse. Sabata yathayi tinali ndi maphunziro obwereza a chitetezo, ndipo mutu wake unali umene eni ake amautcha Threat and Error Management, mwachidule TEM.

Mphunzitsi wathu anaigawa nkhaniyi patatu. Poyamba pali ziopsezo, zimene zimabwera zokha woyendetsa osaziputa, monga mphepo ya mwera, utsi wa lupsa m'mwezi wa Okutobala, akabawi, mbuzi zodutsa pabwalo, kapenanso foni ya bwana yofunsa chifukwa chimene simunanyamukebe. Kenaka pali zolakwitsa za ife eni, monga kudumpha mzere pa mndandanda wa zoyenera kuona kapena kulemba nambala yolakwika mu kompyuta. Pomaliza ndi pamene ndege yafika kale pamene siyenera kukhala koma ngozi isanachitike: yatsika kwambiri, yapatuka panjira, kapena batire latsala pang'ono ulendo ukadali wautali. Iye anati pa gawo lililonse pali mpata wopulumukira, koma mpatawo umanka nuchepa.

Chimene chinandibaya mtima ndi ichi. Miyezi iwiri yapitayo ndinaona mkulu wanga, amene adandiphunzitsa ntchitoyi ndipo ndi wa msinkhu wa bambo anga, akuika batire limene tinali titaulutsira kale m'mawa womwewo. Ndinaona bwinobwino, koma ndinadziuza kuti mwina aliona kuti likadali ndi moto wokwanira, ndipo ndinakhala chete. Droniyo inabwerera isanafike kumene inkapita, n'kutera m'dimba la munthu wina. Palibe adavulala, koma pafupi pomwepo panali ana akuthirira ndiwo. Ndiye ndikufunsa: ife amene tidaleredwa kuti wamkulu sam'dula mawu, maphunziro amenewa tiwagwiritse ntchito bwanji?

Mkulu wopuma wa pansanja, Chamama (Lolemba, 20:03)

Mwana wanga, wachita bwino kuulula, pakuti ambiri akadaikwirira nkhani imeneyi. Ine ndidagwira ntchito yolondolera ndege pa wailesi, ndili pansanja ya bwalo la ndege, kwa zaka zambiri ndisanabwerere kuno kudzalima, ndipo m'maphunziro athu onse munkatuluka dzina limodzi, Tenerife. Pa 27 Malichi 1977 ndege ziwiri za Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zidawombana pamsewu wothamangira ndege pabwalo la Los Rodeos, ndipo anthu 583 adafa. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege imene idaposa imeneyo pa chiwerengero cha omwalira.

Ukaiwerenga ndi maso a TEM amene wafotokozawo, ziopsezo zidali zitaunjikana. Ndegezo sizinkayenera n'komwe kukhala pabwalo limenelo. Zidapatutsidwira kumeneko chifukwa bomba lidaphulika pabwalo la Gran Canaria. Bwalo lidali laling'ono ndipo lidadzaza, chifunga chidatsika mpaka a pansanja osaziona ndegezo, ndipo oyendetsa a KLM ankada nkhawa kuti maola amene lamulo limawalola kugwira ntchito awathera. Kaputeni wa KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, adali mmodzi mwa akuluakulu ophunzitsa anzake pakampaniyo. Adayamba kuthamangitsa ndege asadalandire chilolezo chonyamukira. Injiniya amene adakhala kumbuyo kwake adafunsa ngati ndege ya Pan Am idali itachoka pamsewupo, kaputeni adayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo injiniyayo sadabwerezenso. Funso lolondola lidafunsidwa, mwana wanga, koma lidafunsidwa ndi mawu ofewa, kwa munthu amene aliyense ankamuopa.

Aphunzitsi a ku Santhe (Lolemba, 20:41)

Ndathokoza bambo a ku Chamama chifukwa cha chitsanzo chimenechi, popeza chikundithandiza kutsutsa mbali imodzi ya funso la mng'ono wathuyu. Anthu a mu ndege ya KLM sadali Achewa, sadaleredwe ku Kasungu, koma wamng'ono adachita mantha chimodzimodzi. Ndiye tisafulumire kuloza chala mwambo wathu wa ulemu ngati kuti ndiwo gwero la vutoli. Mwambo womwewo ndi umene umati wakutsina khutu ndi mnansi. Mfumu ya kwathu sigamula mlandu isanamve nduna zake, ndipo nduna imene ingaone mfumu ikulowera kuphompho n'kungoyang'ana sitingaitche yaulemu. Makolo athu adali ndi njira yodzudzulira wamkulu popanda kumuchotsa ulemu, ndipo ndikuganiza kuti ife a masiku ano tidasunga kugwada kokha n'kutaya kulankhulako.

Woyendetsa ndege wa kwathu, Johannesburg (Lolemba, 22:27)

Pepani ndachedwa kulowa, ndangotera kumene. Aphunzitsi akunena zoona kuti mantha amenewa ali paliponse, ndipo n'chifukwa chake maphunzirowa adayambira ku America komweko. Pa 28 Disembala 1978 ndege ya United Airlines ya mtundu wa DC-8 idagwa pafupi ndi mzinda wa Portland mafuta atatha. Kaputeni adatha pafupifupi ola lathunthu akuzungulira, maganizo ake onse ali pa vuto la matayala, pamene anzake awiri ankatchula za mafuta mozungulirazungulira osamugwedeza. Anthu 10 adafa. Chaka chotsatira bungwe la NASA lidasonkhanitsa akatswiri, ndipo kuchokera pamenepo kudabadwa maphunziro amene lero timawatcha CRM, ophunzitsa anthu a mu ndege kugwira ntchito ngati gulu limodzi. United Airlines idayamba kuwaphunzitsa mokwanira mu 1981.

TEM idabwera pambuyo pake, kuchokera ku University of Texas, pansi pa Robert Helmreich ndi anzake. Iwo adachita chinthu chimene chidasintha kaganizidwe kathu. M'malo modikira ngozi kuti aphunzirepo, adayamba kuika munthu pampando wakumbuyo m'chipinda cha oyendetsa pa maulendo wamba a tsiku ndi tsiku, atagwirizana kuti zolembedwazo sizidzatchula dzina la munthu kapena kumulangitsa. Njira imeneyi imatchedwa LOSA. Adapeza kuti pa maulendo ambiri, ngakhale amene atera bwinobwino apaulendo osamva kanthu, pamakhala cholakwitsa china chake. Kusiyana kwa gulu labwino ndi lofooka sikudali kwakuti lina sililakwitsa, koma kuti lina limachigwira cholakwitsacho chisanakule. Lero bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, limafuna kuti wofuna chiphaso choyendetsera ndege aonetse kuti amadziwa zimenezi.

Tsono pa funso lako, mng'ono wanga, ndikuuze mmene timachitira. Sitidalira kulimba mtima kwa wamng'ono, chifukwa kulimba mtima kumatha pamaso pa munthu amene amasaina lipoti lako. Chimene timachita ndi kuchotsa chisankho m'manja mwake. Tisanalize injini timakhala pansi awiri, ndipo kampani yathu imafuna kuti amene sakugwira chiwongolero ndiye ayambe kutchula ziopsezo zimene akuziona tsiku limenelo, kuti asangovomereza za mnzake. Tikamawerenga mndandanda, wina amatchula chinthu, mnzake amayang'ana ndi maso ake n'kuyankha. Sayankha za pamtima. Tikamatera, ngati liwiro kapena katsikidwe sikali m'malire pofika pamsinkhu umene tidagwirizana, aliyense mwa ife akatchula mawu oti tikwerenso, ndege imakwera, ndipo zokambirana zimachitika tili m'mwamba motetezeka. Wamng'ono akatero sakunyoza kaputeni. Akugwira ntchito imene kaputeniyo adamupempha poyambirira. Pa nkhani yako ija, pakadakhala mzere wakuti wachiwiri awerenge mokweza nambala ya batire ndi kuchuluka kwa moto wake, sukadafunika kulimbana ndi mtima wako.

Mkulu wopuma wa pansanja, Chamama (Lachiwiri, 05:48)

Ndiwonjezere pang'ono pa zimene anena a Kaputeni. Ife a pansanja tili ndi lamulo lofanana: tikapereka chilolezo, woyendetsa amabwereza mawu athu, ndipo ife timamvetsera kubwerezako ndi khutu lofuna kugwira cholakwika. Pambuyo pa Tenerife, mawu a Chingerezi otanthauza kunyamuka adasungidwira nthawi yopereka kapena kuchotsa chilolezo chenichenicho basi. Pa zokambirana zina zonse timagwiritsa ntchito mawu ena, kuti munthu wotopa asamve chimene mtima wake ukufuna kumva. Ine ndidagwirapo cholakwitsa changa chomwe kudzera m'kubwerezako. Ndidatchula msinkhu umene sindinkafuna kutchula, woyendetsa adabwereza mokhulupirika, ndipo nditaumva ukuchokera pakamwa pa munthu wina m'pamene ndidazindikira n'kukonza nthawi yomweyo.

Namwino wa ku Mtunthama (Lachiwiri, 07:15)

Ndawerenga zonsezi ndili pa ntchito ya usiku, ndipo zikundikumbutsa za kwathu kuchipatala. Mu 2008 bungwe la WHO lidatulutsa mndandanda wa chitetezo pa opaleshoni, wa mfundo 19, ndipo nzeru yake idatengedwa kwa anthu a ndege. Mfundo ina imati tisanayambe, aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake. Poyamba ndinkaiona ngati yotaya nthawi, popeza timadziwana kale. Patapita nthawi ndidazindikira kuti namwino amene watsegula kale pakamwa kamodzi pamaso pa dokotala savutika kutsegulanso kachiwiri pamene thonje limodzi lasowa pakuwerenga.

Koma a Kaputeni, ndili ndi chidandaulo. Mndandanda umatha kusanduka nyimbo. Ndidagwirapo ntchito pamalo ena pamene pepalalo linkachongedwa lonse opaleshoni itatha, kuti likangokhala mu fayilo. Kodi kwa inu zimenezi sizichitika, ndipo mumaziletsa bwanji?

Woyendetsa ndege wa kwathu, Johannesburg (Lachiwiri, 09:30)

Zimachitika, mayi, ndipo zaphapo anthu mu Africa momwe muno. Pa 5 Meyi 2007 ndege ya Kenya Airways ya Boeing 737-800 idanyamuka usiku ku Douala, m'dziko la Cameroon, kuli mvula ya mabingu. Atangokwera, kaputeni adatchula mawu osonyeza kuti makina a autopilot, amene amayendetsa ndege okha, ayatsidwe, koma makinawo sadagwire, ndipo palibe mwa awiriwo amene adatsimikiza pa galasi kuti agwiradi. Kwa kanthawi ndege idali yopanda woiyendetsa, ikupendekera kumanja pang'onopang'ono. Usiku wopanda nyenyezi thupi la munthu silimva kupendeka kwapang'onopang'ono. Khutu lamkati limamunamiza kuti ali mowongoka. Chenjezo litalira, kaputeni adasokonezeka n'kuwonjezera kupendekako, ndipo ndege idagwera m'dambo la mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Anthu onse 114 adafa. Mawu adatchulidwa, koma diso silidatsatire mawuwo.

Kuletsa zimenezi n'kovuta, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti tidakupezera mankhwala otheratu. Chimene chimathandiza ndi simuleta, chipinda chija choyeserera kuuluka chimene timalowamo kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mphunzitsi wabwino amabisa cholakwika mwadala, n'kuona ngati wowerenga mndandanda akuyang'anadi. Amayesanso amene sakugwira chiwongolero, osati wogwira yekha, chifukwa kuyang'anira mnzako ndi luso loyenera kuliphunzira palokha. Palinso lamulo limene a ku America adakhazikitsa mu 1981 ndipo makampani ambiri adalitengera, loti pansi pa mafiti 10,000 sitikamba nkhani iliyonse yosakhudza ulendo. Ndimakumbukiranso ngozi ya Eastern Air Lines ya mu Disembala 1972 ku Florida, pamene anthu onse a m'chipinda cha oyendetsa adaunjikana pa kababu kamodzi kamene kadapsa, ndege ikutsika yokha mpaka kugwera m'dambo la Everglades, n'kupha anthu 101. Kuyambira pamenepo phunziro loyamba pa vuto lililonse ndi kutchula mokweza amene akuyendetsa ndege, kuti ena onse akamafufuza vutolo iyeyo asachotse maso.

Makaniko wa ku Chinkhoma (Lachiwiri, 12:52)

Ine ndimakonza mathirakitala ndi malole a fodya, sindidakhudzepo ndege, koma ndimakonda kuwerenga nkhani zimenezi chifukwa cholakwitsa cha makaniko chimagona tulo n'kudzadzukira munthu wina. Pa 10 Juni 1990 galasi lakutsogolo la ndege ya British Airways lidazuka ili m'mwamba, ndipo kaputeni Tim Lancaster adakokedwa ndi mphepo mpaka theka la thupi lake kutuluka panja. Anzake adamugwira miyendo kufikira wachiwiri wake atateretsa ndege ku Southampton, ndipo adapulumuka. Ofufuza adapeza kuti mwa mabawuti 90 omangira galasilo, 84 adali owonda pang'ono kuposa oyenera ndipo 6 otsalawo adali aafupi. Amene adawamanga adali mkulu wodziwa ntchito, akugwira usiku, ndipo adasankha mabawutiwo pofananiza ndi maso m'malo moona m'buku. James Reason wa ku Manchester adafanizira chitetezo ndi magawo a chizi chokhala ndi mabowo, kuti ngozi imadutsa pamene mabowo a magawo onse alunjikana. Ife tinganene kuti ndi mipanda ingapo yozungulira munda, uliwonse uli ndi pobowoka pake.

Koma pali chimene sindikugwirizana nacho. Mukuti ofufuza a ku Texas aja adalonjeza kusalanga munthu. Ine ndili ndi anyamata atatu pagalaja. Ndikawauza kuti wolakwitsa salangidwa, kodi sindikuwapatsa chilolezo cholekerera? Munthu amasamala chifukwa amadziwa kuti akawononga alipira.

Aphunzitsi a ku Santhe (Lachiwiri, 13:20)

Achimwene a ku Chinkhoma, ine m'kalasi ndidaona zosiyana. Mwana amene amakwapulidwa akalakwitsa samu saphunzira kuwerengera bwino. Amaphunzira kubisa kope.

Mkulu wopuma wa pansanja, Chamama (Lachiwiri, 14:05)

Funso la a makaniko ndi lolemera ndipo tisalithawe. Maphunziro amenewa sanena kuti chilichonse chikhululukidwe. Amasiyanitsa munthu amene waphonya akuyesetsa kuchita bwino, ndi munthu amene waphwanya lamulo mwadala akudziwa kuopsa kwake, monga kubwera kuntchito ataledzera kapena kusaina kuti waona chinthu chimene sadachione. Wachiwiriyu amalangidwa, ndipo anzake omwe amafuna kuti alangidwe. Woyambayo mukamulanga mumataya chuma chachikulu, chifukwa ndi yekhayo amene akudziwa pamene mpanda wabowoka. Ku America bungwe la NASA lakhala likulandira malipoti achinsinsi kuchokera kwa oyendetsa ndege, a pansanja ndi amakaniko kuyambira 1976, ndipo lidasankhidwa dala chifukwa si ndilo limapereka kapena kulanda ziphaso. Ngakhale malamulo a ICAO ofufuzira ngozi amanena poyera kuti cholinga cha kafukufuku ndi kupewa ngozi ina, osati kugawa milandu.

Ganizirani mnyamata wanu amene wagwetsera nati mu injini n'kulephera kuipeza. Ngati akudziwa kuti mumudula malipiro, atseka boneti n'kupemphera. Ngati akudziwa kuti mumuthokoza chifukwa chonena, ngakhale mutamukalipira pang'ono, abwera kudzakuuzani lole isanalowe mu M1 ndi mabelo a anthu. Mwa anyamata awiriwa, inu mukufuna uti?

Makaniko wa ku Chinkhoma (Lachiwiri, 14:31)

Ndamva, bambo, ndipo pa chitsanzo cha nati ndikuvomera. Chimene ndatsala nacho n'chakuti pakati pa kuphonya ndi kuchita dala pali munthu wachitatu, amene amadula njira chifukwa aliyense pamalopo amadula, ndipo bwana amadziwa koma amayang'ana kumbali chifukwa ntchito ikutha msanga. Ameneyo tsiku la ngozi amasiyidwa yekha. Ndikuganiza kuti pamenepo mlandu uyambire kwa ine mwini galaja.

Mayi a wophunzira ndege, Chulu (Lachiwiri, 18:10)

Ine sindidziwa za mabawuti kapena za nsanja. Ndine mayi chabe amene mwana wake wamkazi akuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, titagulitsa ng'ombe ndi fodya wa zaka zingapo kuti apite. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mtima wanga uli pa Chikangawa. Kuyambira tsiku limene tidataya a Chilima ndi anzawo aja, mwana wanga akandiuza kuti mawa akuuluka sindigona. A Kaputeni, ndikupemphani mundiuze monga mmene mungauzire mayi anu: kodi zimene mukukambiranazi zikadathandiza tsiku limene lija, ndipo mwana wanga akuphunzitsidwadi zimenezi?

Woyang'anira gulu (Lachiwiri, 18:24)

Abale, nkhani imene atchula mayiwa ndi bala limene silinapole, ndipo anthu ali ndi maganizo osiyanasiyana pa iyo. Ndikupempha kuti woyankha aliyense akhale pa zimene malipoti a ofufuza adalemba ndi pa phunziro la chitetezo, mwaulemu kwa mabanja oferedwa. Za ndale tisazilowetse muno.

Woyendetsa ndege wa kwathu, Johannesburg (Lachiwiri, 21:02)

Mayi anga, ndikuyankhani mosamala, chifukwa amene adali kutsogolo kwa ndege ija adali anzathu pa ntchito ndipo nawonso adasiya mabanja. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndi anthu 9, ndipo idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa onse atamwalira. Bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, la BFU, lidalemba kuti ndegeyo idalowa m'mitambo ikuuluka ulendo wodalira kuona ndi maso, n'kuwomba mtunda wokwera. Lidatchulanso kupitiriza ulendo motsika nyengo ili yoipa, kusazindikira bwino pamene ndege idali poyerekeza ndi mapiri, ndi kukonzekera kosakwanira asananyamuke. Lidapezanso kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena osunga kayendedwe kake, ndipo batire la kachipangizo kotumiza chizindikiro pangozi lidali litatha nthawi yake kalekale. Mbali yomalizayi ndi mipanda ija a makaniko anena, imene siili m'manja mwa woyendetsa.

Aliyense wodziwa msewu wa ku Mzuzu akudziwa mmene chifunga cha Chikangawa chimakhalira m'mwezi wa Juni, pamene ngakhale basi imayenda ngati kamba magetsi ali oyaka masana. Kwa woyendetsa ndege chimenecho ndi chiopsezo chodziwika kale, ndipo TEM imatiphunzitsa kuti chosankha chachikulu chichitike tili pansi, mutu uli wozizira: tikafika pakutipakuti ndipo phiri lakuti sitikuliona, tibwerera, ndipo mafuta obwererera ndi awa. Tikatero, nthawiyo ikafika sitiyambanso kukambirana. Chifukwa chake n'chakuti munthu akayandikira kumene akupita, mtima wofuna kumaliza umakula, ndipo chizindikiro chilichonse chochenjeza amachipezera chifukwa chochichepetsera. Zimenezi zimagwira akatswiri enieni, ndipo zimagwira kwambiri pamene ulendowo uli wofunika ndipo anthu akudikira. Ine ndidabwezapo ndege yodzaza anthu tili pafupi kutera, ndipo apaulendo ena adanditukwana potsika. Usiku umenewo ndidagona tulo tabwino.

Za mwana wanu, inde akuphunzira, chifukwa ndi gawo la mayeso a chiphaso. Koma pali mbali imene ili yanu. Tsiku limene adzakuuzeni kuti sanauluke chifukwa cha nyengo, kapena kuti anakwereranso m'mwamba m'malo motera, musamufunse za ndalama za ola limene latayika. Muyamikireni. Wophunzira amene akudziwa kuti kwawo adagulitsa ng'ombe amanyamula katundu wolemera m'chipinda chija, ndipo katundu ameneyo nayenso ndi chiopsezo.

Mayi a wophunzira ndege, Chulu (Lachiwiri, 21:40)

Zikomo mwana wanga. Mwezi wathawu ndidamufunsadi funso limenelo la ndalama, atandiuza kuti wabwerera panjira chifukwa cha mitambo. Ndimuimbira usiku uno.

Namwino wa ku Mtunthama (Lachitatu, 06:35)

A Kaputeni, tamva za ngozi zambiri. Kodi palibe pamene maphunzirowa adaonekeratu kuti apulumutsa anthu?

Woyendetsa ndege wa kwathu, Johannesburg (Lachitatu, 08:12)

Alipo ambiri, kungoti ochuluka samveka chifukwa ndege imatera ndipo anthu amapita kwawo. Amene timaphunzitsira ndi wa pa 19 Julayi 1989, pamene injini ya kumchira ya DC-10 ya United Airlines idaphulika n'kudula mapaipi onse atatu a mafuta oyendetsera mapiko ndi mchira, moti chiwongolero chidasanduka chopanda ntchito. M'buku mudalibe njira ya vuto lotere. Kaputeni Al Haynes adalandira thandizo la mphunzitsi wa oyendetsa ndege, Denny Fitch, amene adali m'ndegemo ngati wapaulendo, n'kumusiyira zogwirira za injini ziwiri zotsala kuti aziwongolera ndege powonjezera ndi kuchepetsa mphamvu mbali ndi mbali. Adafika pabwalo la Sioux City, ndege idasweka potera, koma mwa anthu 296 adapulumuka 184. Haynes adanena kwa zaka zambiri pambuyo pake kuti akadagwira ntchito mwa kachitidwe kakale, kamene mawu a kaputeni adali lamulo losatsutsika, sakadafika pabwalopo. Apa ndi pamene aphunzitsi a ku Santhe akunena zoona kwambiri: theka la ntchitoyi lili kwa wamkulu, amene ayenera kupempha kutsinidwa khutu, ndipo akatsinidwa athokoze pamaso pa onse.

Woulutsa droni, Kasungu boma (Lachinayi, 17:46)

Ndabwera kudzapereka lipoti, popeza ndine ndidayambitsa. Dzulo ndinapita kwa mkulu wanga uja, tili awiriwiri, n'kumuuza kuti tsiku lija ndinaliona batire ndipo sindinanene. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati iyenso wakhala akudziimba mlandu yekha osauza munthu, ndipo anandifunsa chimene chinanditseka pakamwa. Tagwirizana zinthu ziwiri. Batire lililonse tsopano lili ndi nambala yolembedwa ndi penti, ndipo amene sakuulutsa ndiye amawerenga mokweza nambalayo ndi moto wake. Chachiwiri, aliyense pabwalo, ngakhale mnyamata amene amatithandiza kuthamangitsa mbuzi ndi kuletsa a njinga, akakuwa kuti "imani", timaima, ndipo tifunsa chifukwa titaima kale.

Lero masana lamulo lachiwirilo layesedwa. Tili pafupi kunyamuka, mnyamatayo anakuwa chifukwa anaona kamvuluvulu akubwera chakumadzulo kwa bwalo, kumbuyo kwa ife tonse amene maso anali pa kompyuta. Tinaima, ndipo mphepo sinakhazikikenso mpaka nthawi yathu inatha. Mkulu wanga anamugwira chanza mnyamatayo pamaso pathu. Komabe vuto latsala ndi lakuti kuchipatala chaching'ono kumene tinkapita anali atakonza kale magazi oti tibwere nawo kudzayezedwa, ndipo anadikira pachabe mpaka madzulo. Mayi a ku Mtunthama, inu amene mumakhala mbali inayo, tikalephera chonchi tizichita bwanji kuti kuima kwathu kusasanduke chiopsezo kwa odwala anu?

Namwino wa ku Mtunthama (Lachinayi, 18:20)

Chimene chimatipweteka si kulephera kwanu kubwera, achimwene, koma kumva mochedwa. Magazi ena sachedwa kuwonongeka, ndipo wodwala amene wayenda mtunda wautali sitingamubayenso mawa mosavuta. Gwirizanani ndi a pachipatalapo ola lomaliza, mwachitsanzo 1 koloko masana, kuti likakwana musananyamuke muziimba foni nthawi yomweyo, ngakhale mukuyembekezabe kuti mphepo ileka. Iwo akhale ndi nambala ya wa njinga yamoto wodalirika ndi bokosi lozizira lokonzeka kuyambira m'mawa, ndipo zidziwike kale kuti mafuta a njingayo alipira ndani. Pa pepala lanu la ziopsezo la m'mawa uliwonse, onjezerani mzere wofunsa chimene chili m'bokosi tsiku limenelo ndi maola amene chingapirire, ndipo muziimbira namwino wa pamalopo kuti ayankhe mzere umenewo ndi iyeyo.